Mech mod: kusamala batire ndi kukulunga koyilo

Kapepala aka n'ka akuluakulu amene anasiya ndudu n'kuyamba vape, ndipo tsopano akusirira chipangizo chotchedwa mech mod chimene amachiona m'mashopu a ku Johannesburg, Cape Town kapena London. Ngati simunasutepo fodya, musayambe ndi ichi. Nikotini akakulowani m'thupi savuta kumuzolowera koma amavuta kumusiya, ndipo ku Britain lamulo limaletsa kugulitsa vape kwa aliyense wosakwana zaka 18.

Kodi mech mod n'chiyani?

Ndudu yamagetsi yamakono anaikonza ndi Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, m'chaka cha 2003. Zipangizo zambiri zimene zabwera pambuyo pake zili ndi kabolodi kamagetsi m'kati. Kameneka kamayeza waya, kamadula moto pakachitika shoti, ndipo kamakana kuyaka batire ikafooka. Mech mod ilibe chilichonse mwa izi. Ndi chubu chabe cha kopa, mkuwa kapena chitsulo, batani kunsi kwake, pamwamba pake pomangirira atomizer, kachipangizo kokhala ndi koyilo, waya wokulunga amene amatenthetsa madzi a vape. Mukadina batani, moto umachoka m'batire n'kulunjika ku waya popanda choufunsa. Zili ngati nyumba imene ailumikiza ku magetsi popanda fyuzi: masiku onse zinthu zimayenda, kufikira tsiku limene mawaya awiri akhudzane.

Izi zinaphapo anthu. Mu May 2018 mwamuna wina wa zaka 38 anamwalira ku St. Petersburg, Florida, mech mod itamuphulikira, zidutswa zake n'kumulowa m'mutu. Mu January 2019 wina wa zaka 24 anamwalira ku Fort Worth, Texas, chidutswa chitadula mtsempha wa m'khosi. Bungwe la U.S. Fire Administration linawerenga ngozi 195 za moto ndi kuphulika kwa ndudu zamagetsi ku America kuyambira 2009 mpaka 2016, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ngozizo linachitikira m'thumba la munthu.

Batire

Imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi 18650. Nambalayi ndi msinkhu wake: mamilimita 18 m'mimba mwake, 65 m'litali. Ikadzaza imakhala pa ma volt 4.2. Palinso yokulirapo, 21700.

Pa batire iliyonse pali manambala awiri oyenera kuwadziwa. Ya mAh imanena kuchuluka kwa moto umene imasunga. Ya CDR imanena ma amp amene ingatulutse mosalekeza osatentha mopitirira. Pa mech mod, yachiwiriyi ndiyo yofunika, ndipo manambala awiriwa amakokana: batire yosunga moto wambiri imapirira ma amp ochepa. Samsung 30Q imasunga 3000 mAh koma CDR yake ndi 15. Samsung 25R imasunga 2500 mAh, CDR yake ndi 20. VTC5A, imene inali ya Sony ndipo tsopano ndi ya Murata, anthu a vape amaiwerengera pa 25. Dziwaninso kuti makampani monga Samsung ndi LG amanena poyera kuti mabatire awo sanawapangire vape. Anawapangira mapaketi otsekedwa a zida monga madirilo, momwe muli kabolodi kowateteza. Mukaitulutsa yokha, udindo wonse wagwera inu.

Pamsika mudzapeza mabatire a tochi olembedwa 5000 mAh kapena 9900 mAh. Limenelo ndi bodza, palibe 18650 yosunga moto wotero, ndipo wonama pa nambala imodzi sanganene zoona pa inayo. Mabatire ogumula m'laputopu yakale, amene ambiri timaika m'matochi ndi m'nyale za sola, nawonso asayandikire mech mod. Anawapangira ma amp ochepa, ndipo afika kwa inu atatopa kale.

Tsopano pulasitiki yokutira. Ambiri amaiyesa chokongoletsa. Chitini chonse cha batire, kuyambira pansi mpaka m'mphepete mwa mutu, ndi mbali ya negative. Positive ndi kachitsulo kapamwamba kokha, ndipo chozilekanitsa ndi kamphete kopyapyala pamodzi ndi pulasitikiyo. Ikang'ambika, ngakhale pang'ono ngati pokanda chikhadabo, chitini chimakhudza chubu ndipo moto ungayende musanadine batani. Yang'anani batire nthawi iliyonse musanailowetse. Yong'ambika ikutireni pulasitiki yatsopano, mashopu a vape amagulitsa motchipa. Selotepi ayi. Yopindika, yadzimbiri kapena yonunkha, isiyeni ndithu.

Masamu a Ohm

Georg Ohm wa ku Germany anafalitsa lamulo lake mu 1827, ndipo ndilo chida chachikulu cha munthu wa mech mod: ma amp mumawapeza pogawa ma volt ndi ma ohm. Nthawi zonse werengerani pa 4.2, chifukwa batire yodzaza ndiyo imakoka kwambiri.

Koyilo ya 0.5 ohm imakoka ma amp 8.4. Ya 0.3 imakoka 14. Ya 0.2 imakoka 21, ndipo ya 0.15 imakoka 28. Taonani mmene nambala ikulumphira kumunsiku. Kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 mwawonjezera ma amp osakwana 6, koma kuchoka pa 0.2 kufika pa 0.15 mwawonjezera 7, pamene kusiyanako mita yotchipa ingathe kukuphonya. N'chifukwa chake sitilangiza munthu kufika pa CDR yeniyeni. Siyani mpata, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, poti batire ikamakalamba imapirira zochepa. Ndi batire ya 20, musapitirire ma amp 16, kutanthauza kuti musatsike pansi pa 0.26 ohm. Ndi ya 15, imani pa 0.35. Woyamba kumene akhale pa 0.5 kapena kupitirira.

Makoyilo awiri ofanana pa atomizer imodzi amadula ma ohm pakati: awiri a 0.4 amakhala 0.2. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Ndipo mech mod yosanjikiza mabatire awiri m'chubu chimodzi imafika ma volt 8.4, choncho koyilo yomweyo imakoka ma amp kawiri. Imeneyo si ya wophunzira.

Kukulunga koyilo

Mufunika waya, sikuludiraiva kapena kandodo ka mamilimita 3, chodulira waya, kopanira kokhala ndi nsonga za seramiki, thonje loyera la vape, ndi mita yoyezera ma ohm. Popanda mita musayambe n'komwe.

Waya woyenera ndi Kanthal A1, Nichrome 80 kapena stainless steel 316L. Wa nickel yekhayekha, wolembedwa Ni200, ndi wa titanium ndi wa zipangizo zoyeza kutentha, pa mech mod ayi. Nambala ya waya ikakula, wayayo amachepa ndipo ma ohm amakwera: 24 ndi wonenepa kuposa 26. Kanthal 24 wokulunga kasanu n'kamodzi pa mamilimita 3 amakhala pafupifupi 0.5 ohm. Kuwonjezera mikombero kumakweza ma ohm, kuchepetsa kumawatsitsa.

Kulungani mokoka, mikombero igundane koma isakwerane. Lowetsani miyendo ya koyilo m'mabowo a atomizer kandodo kadakali m'kati, mangani masikulu, dulani zotsala, ndipo tsimikizani kuti palibe kachidutswa kagwera pansi pa atomizer. Koyilo isakhudze pansi kapena m'mbali. Yezani pa mita. Kenako itenthetseni pang'onopang'ono pa chipangizo chokhala ndi kabolodi, osati pa mech mod, mpaka iziyaka mofanana kuyambira pakati kupita kunja. Pakaoneka kadontho kowala kuposa pena, siyani batani, ifinyeni ndi kopanira kaja, yesaninso. Ikazizira lowetsani thonje, lidutse mogwira koma losakoka koyilo, nyowetsani, vindikirani, ndipo yezaninso chivindikiro chili pomwepo. Nambala ikasintha kapena ikamavinavina, pali sikulu yomasuka kapena waya wakhudza chivindikiro.

Mech mod zina, zotchedwa hybrid, zilibe kapini kawo pamwamba, ndiye kapini ka atomizer kamakhudza batire mwachindunji. Kapiniko kayenera kutulukira bwino kupitirira mazinga ake ndipo kasamabwerere m'kati mukakakanikiza. Kakafanana ndi mazinga, positive ndi negative zimakumana pamutu pa batire. Thanki wamba musaiike pa hybrid.

Tsiku ndi tsiku

Batire yapadera iziyenda m'kabokosi kake kapulasitiki, osati m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Mukamaika mech mod m'chikwama, khomani loko ya batani kapena tulutsani batire. Onani kuti timabowo totulutsira mpweya pa chubu sitinatsekeke, chifukwa batire ikaphulika m'chubu chotsekeka, chitsulo ndicho chimang'ambika. Tchajani pa chaja yake, pamalo osayaka, inu muli maso, osati usiku pamatilesi. Nthunzi ikayamba kuchepa, tulutsani batire muiyeze, ndipo musaitsitse pansi pa ma volt 3.2. Musaisiye m'galimoto padzuwa. Pokwera ndege, vape ndi mabatire zimayenda m'chikwama cham'manja, m'katundu wolowa pansi n'zoletsedwa. Madzi a nikotini akhale patali ndi ana, pakuti mwana akamwa angadwale koopsa.

Chubu chikatentha mwadzidzidzi m'dzanja, kapena mukamva kulira kwa mpweya ndi fungo lachilendo, musayese kumasula. Chiikeni pansi pa simenti kapena pa dothi, panja ngati n'kotheka, talikirani ndipo musapume utsiwo. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pachilondapo kwa mphindi 20, osapakapo mafuta kapena mankhwala otsukira mano, kenako pitani naye kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti yamuotcha ndi batire ya lithium.