Benchi yanu ikhoza kukhalanso pafoni

Kale wofuna kutsegula sitolo ankayamba ndi kusaka ndalama ya lendi. Lero wogulitsa kaunjika pamsika wa Tsoka ku Lilongwe akhoza kugulitsa jekete kwa kasitomala wa ku Mzuzu osasuntha pabenchi pake. Chofunika ndi foni yojambula bwino, bandulo ya intaneti ndi nambala yolandirira ndalama.

Yambani ndi WhatsApp Business. Ndi yaulere, ndipo ili ndi malo otchedwa catalogue pomwe mumaikapo chithunzi cha katundu, mtengo ndi mawu ofotokoza, mpaka zinthu 500. Ambiri amangodalira Status, koma Status imafufutika pakatha maola 24, ndipo amaiona okhawo amene munasungirana nambala. Kuti akuoneni anthu osakudziwani, ikaninso katunduyo m'magulu a malonda pa Facebook.

Jambulani panja kukuwala, katundu mmodzimmodzi, osati mulu wonse. Lembani saizi ndi mtengo pomwepo. Chizolowezi chouza anthu kuti abwere ku inbox kudzamva mtengo chimangothawitsa ogula, poti munthu amaganiza kuti mukufuna muyambe mwamuona nkhope. Ngati diresi ili ndi kachibowo, kaonetseni. Wogula ali kutali, sangaigwire, ndipo akakhumudwa kamodzi sabweranso.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa ndalama. Airtel Money, TNM Mpamba ndi Mo626 zafewetsa malonda, koma akathyali nawonso anatsegula maso. Amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati ndalama yalowa, kapena chithunzi cha risiti chochita kukonza, kenako n'kumakufulumizitsani kuti basi ikunyamuka. Musatulutse katundu chifukwa cha chithunzi. Imbani *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba muone nokha ngati ndalama zawonjezekadi. Wina akaimba kuti watumiza molakwika mumubwezere, chitani chimodzimodzi, ndipo PIN yanu musauze aliyense, ngakhale atanena kuti ndi wa kukampani ya foni.

Potumiza katundu, gwirizanani kaye amene alipire mtengo wotumizira. Mukapereka phukusi kwa a courier kapena kubasi, jambulani risiti n'kumutumizira mwini wake.

Chimene ambiri amaiwala powerengera phindu ndi bandulo, ndalama imene amadula potapa kwa ejenti, ndi ya kabaza yokafikitsa phukusi kudepoti. Zilembeni m'kope tsiku lililonse, ndipo zilowe mumtengo wa katunduyo musanauike pafoni.