Nyama zosemedwa pa tchalitchi cha ku Kilpeck

Funso: Akuluakulu, ndinaona chithunzi cha katchalitchi kakale ka kumudzi ku England. Kunja kwake kuli mitu ya nyama ndi nkhope zoopsa zosemedwa pamiyala. Zoterezi zikudzatani pa nyumba ya Mulungu?

Yankho: Bambo, matchalitchi otere alipo angapo, koma chotchuka kwambiri ndi cha St Mary and St David m'mudzi wa Kilpeck, ku Herefordshire, kufupi ndi malire a Wales. Chinamangidwa cha m'ma 1140, Anormani atalanda kale England mu 1066. N'chifukwa chake zitseko ndi mazenera ake n'zozungulira kumwamba, monga ankamangira iwowo. Chili ndi zipinda zitatu zotsatizana, ndipo chakum'mawa, komwe kuli guwa, n'chokhota ngati theka la nkhokwe.

Mwala wake ndi wofiira, wamchenga. Pansi pa denga pali timiyala tosemedwa toposa 80: galu ali pambali pa kalulu, woimba zeze, ngakhalenso mkazi wamaliseche. Pakhomo lakummwera pali njoka zoluma michira, asilikali awiri okodwa m'ziyangoyango, ndi mtengo wa moyo pamwamba pake.

Akatswiri ena amati zosemazi zinali zochenjeza anthu za uchimo, poti mapemphero ankachitika m'Chilatini ndipo alimi ambiri sankadziwa kuwerenga. Zimenezo n'zomveka pa njoka zija. Koma galu uja, ndi makutu ake olendewera, sangaopseze ngakhale mwana. Ine ndimaona kuti pena amisiriwo ankangoseka.