Kuopsa kwa Nkhokwe Zoyesera mu Arch Linux

Mawu Oyamba

Pa nkhani ya kasinthidwe, mitundu ya Linux ili m'magulu awiri. Gulu loyamba limatulutsa mtundu watsopano pa nthawi yoikika, monga amachitira Ubuntu mu Epulo ndi mu Okutobala chaka chilichonse. Gulu lachiwiri silidikira nyengo: pulogalamu iliyonse ikangokonzedwa imatumizidwa kwa ogwiritsa ntchito. Njira imeneyi imatchedwa rolling release, ndipo chitsanzo chake chodziwika ndi Arch Linux, yomwe anaiyambitsa Judd Vinet wa ku Canada m'chaka cha 2002. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza mavuto amene amadza posintha pulogalamu yosamala maphukusi, komanso kuopsa kotenga maphukusi m'nkhokwe zoyesera.

Ntchito ya Pacman

Mu Arch Linux pulogalamu iliyonse imabwera ngati phukusi, ndipo maphukusiwa amasungidwa m'nkhokwe za pa intaneti. Nkhokwe zikuluzikulu ndi core, momwe muli zinthu zimene kompyuta singayake popanda izo, ndi extra, momwe muli zambiri mwa zotsala. Amene amatenga, kuika ndi kuchotsa maphukusi ndi pacman. Iyeyu amasunganso kaundula wa chilichonse chimene chaikidwa ndi zimene phukusi lililonse limadalira.

Chovuta n'chakuti pacman nayenso ndi phukusi, kotero amayenera kudzisintha yekha. Akalakwika, ndiye kuti chida chokonzera zolakwika ndicho chawonongeka. M'chaka cha 2014, pacman 4.2 anasintha kalembedwe ka kaundula, ndipo sankagwira ntchito kufikira kaundulayo atakonzedwanso ndi lamulo la pacman-db-upgrade. Kumapeto kwa 2019 Arch inasiya kupanikiza maphukusi ndi xz n'kuyamba kugwiritsa ntchito zstd. Kompyuta imene inakhala nthawi yaitali osasinthidwa sinkatha kumasula maphukusi atsopanowo. Mu 2024, pacman 7.0 atafika, mapulogalamu othandizira monga yay ndi paru anasiya kugwira ntchito kwa anthu ambiri chifukwa libalpm, yomwe amadalira, inasintha nambala. Panafunika kuwamanganso.

Nkhokwe Zoyesera

Phukusi lofunika lisanalowe mu core limayamba lakhala mu core-testing. Kuyambira mu Meyi 2023 nkhokwe yakale ya testing inagawidwa pawiri kukhala core-testing ndi extra-testing. Anthu odzipereka amayesa maphukusiwo pa makompyuta awo n'kuvomereza kuti ali bwino, kapena kupereka lipoti la zolakwika. Apa tiyenera kumvetsa bwino tanthauzo la dzinali. Ambiri akamva mawu oti testing amaganiza kuti ndi njira yopezera zatsopano msanga. Koma choyesedwacho sichiyesedwa kwina ayi. Chimayesedwa pa kompyuta ya amene watsegula nkhokweyo.

Kuopsa koyamba ndi kusakanikirana kwa zatsopano ndi zakale. Mapulogalamu ambiri amagawana mafayilo amodzi. Fayilo lotere likasintha, mapulogalamu onse olidalira amamangidwanso pamodzi. Munthu akatenga phukusi limodzi lokha mu core-testing n'kusiya ena, kapena akatsegula core-testing koma osatsegula extra-testing, mapulogalamu akale amafunafuna fayilo lomwe palibenso. N'chifukwa chake a Arch amanena poyera kuti sathandiza munthu amene wasintha gawo lokha la maphukusi ake.

Kuopsa kwachiwiri ndi kwa chitetezo. Pa 29 Malichi 2024, Andres Freund anaulula kuti mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1 munabisidwa khomo lolowera mwachinyengo m'makompyuta a anthu. Phukusi loipali linali litafika kale mu Debian testing ndi unstable, Fedora Rawhide, openSUSE Tumbleweed ndi Kali Linux, pomwe Debian stable inali isanalilandire. Arch nayo inatumiza xz yomweyo, koma inapulumuka chifukwa sshd yake simalumikizidwa ndi liblzma. Nkhaniyi ikusonyeza kuti amene amalandira zatsopano poyamba ndi amenenso amakumana ndi zoipa poyamba.

Kuopsa kwachitatu ndi kuvuta kobwerera m'mbuyo. Kutseka nkhokwe yoyesera mu pacman.conf sikubweza maphukusi amene alowa kale. Pamafunika lamulo la pacman -Syuu, ndipo ngakhale apo pulogalamu imene yasintha kale kasungidwe ka zinthu zake ikhoza kukana kugwira ntchito ndi mtundu wakale.

Mfundo Yotsutsa

Ena angafunse kuti, ngati zili choncho, bwanji osangozipewa nkhokwezi? Yankho n'lakuti popanda oyesa, zolakwika zonse zingafike kwa aliyense. Ndiponso nkhokwe zokhazikika sizitanthauza kuti vuto silingadutse. Mu Ogasiti 2022 GRUB yatsopano inachititsa makompyuta ena a Arch ndi EndeavourOS kulephera kuyaka, ngakhale eni ake sanatsegule nkhokwe zoyesera. Choncho ntchito yoyesa ndi yofunika, kungoti si ya aliyense ndipo si ya kompyuta iliyonse.

Zoyenera Kuchita

Wogwiritsa ntchito awerenge zilengezo za Arch asanasinthe kanthu, pakuti pamene pakufunika kuchitapo kanthu ndi manja amanena pomwepo. Asinthe maphukusi onse pamodzi ndi pacman -Syu. Asafafanize maphukusi onse akale amene pacman amasunga, chifukwa ndiwo pothawira zikavuta. Aone mafayilo othera ndi .pacnew, makamaka a pacman.conf. Akhale ndi fulashi yoyatsira kompyuta, asunge ntchito yake pena, ndipo asayambe kusintha batire lili pafupi kutha, poti magetsi akazima pakati pa ntchitoyi kaundula amatha kuwonongeka.

Mawu Omaliza

Taona kuti pacman ndi phukusi lofunika kusamala kuposa ena onse, ndi kuti nkhokwe zoyesera zinakhazikitsidwa pofuna kupeza zolakwika, osati kusangalatsa okonda zatsopano. Amene ali ndi kompyuta yapadera, luso lokonza ndi nthawi yolemba malipoti, azitsegule zonse pamodzi ndipo athandiza anthu ambiri. Koma wophunzira amene ali ndi kompyuta imodzi yokha, momwe muli kafukufuku wake wa chaka chomaliza, akhale mu core ndi extra. Zimene akufunazo zimufika ndithu zikayesedwa.