Mpikisano Umathera pa Mamita 100 Omaliza

Ambirife tinaphunzira kuthamanga m'mapiri a ku Thekerani, tikudutsa m'minda ya tiyi ndi nthochi kuopa kuchedwa kusukulu. Tinkayamba ndi liwiro, koma pofika pachitunda chomaliza miyendo inkakana. Ochita mpikisano wa mamita 400 amalidziwa bwino vuto limeneli.

Mpikisanowu ndi wozungulira bwalo kamodzi kokha. Thupi limatha kuthamanga ndi mphamvu zonse kwa masekondi ochepa chabe. Pofika mamita 300, minofu imawotcha, miyendo imalemera ngati yamangidwa miyala. Apa m'pamene opambana amadziwikira.

Taonani Muzala Samukonga, mnyamata wa ku Lusaka wobadwa mu 2002. Pa masewera a Commonwealth ku Birmingham mu 2022, anakhota ngodya yomaliza ali m'mbuyo, koma anapitirira Matthew Hudson-Smith wa ku England n'kutenga golide pa masekondi 44.66. Pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024 anathamanga masekondi 43.74 n'kukhala wachitatu. Wachinayi, Jereem Richards, anachedwa ndi masekondi 0.04 okha, kosakwana n'kuphethira komwe. Mendulo imeneyi inali yoyamba ya Zambia pa Olimpiki chipambanireni Samuel Matete mu 1996. Ku Paris komweko, zaka 100 m'mbuyomo, Eric Liddell anapambana mpikisano womwewu pa masekondi 47.6.

Tikuphunzirapo zinthu zitatu.

Choyamba, tigawe mphamvu. Wophunzira amene amawerenga usiku wonse sabata yoyamba ya teremu amafika pa mayeso atatheratu.

Chachiwiri, kutopa sikutanthauza kuti tagonja. Pa mamita 100 omaliza aliyense amakhala akumva ululu. Amapambana ndi amene sanasokoneze kaponyedwe ka miyendo yake. Fizi ikavuta kapena phunziro limodzi likatikanika m'chaka chomaliza, tisafulumire kulongedza katundu.

Chachitatu, mphamvu zomalizira zimasonkhanitsidwa kale: kuyeserera tsiku ndi tsiku, kugona mokwanira, kudya bwino ndi kumwa madzi. Wothyola tiyi sadzaza dengu ndi dzanja limodzi.

Mafunso okambirana m'magulu:
1. Kodi ife tili pa mita iti ya maphunziro athu?
2. N'chiyani chikutidyera mphamvu zimene tidzazifune kumapeto?
3. Ndani mwa anzathu watsala pang'ono kusiya, ndipo timuthandiza bwanji sabata ino?