Koilo ya Mutu Yomva Haidrojeni ndi Sodiyamu: Kwa Ojambula MRI ku Tshwane

Anzanga ojambula, makamaka inu ochokera ku Malawi ndi ku Chipata amene mukugwira ntchito kapena kuphunzira m'zipatala za ku Pretoria, idziweni koilo imeneyi isanafike m'manja mwanu.

Koilo wamba imamva haidrojeni yekha. Iyi ili ngati wailesi yogwira masiteshoni awiri: pa makina a 3 Tesla, haidrojeni amamveka pa 128 MHz, sodiyamu pa 34 MHz. Makoilo ambiri otere amamangidwa mwa mtundu wa birdcage umene Cecil Hayes ndi anzake anatulutsa mu 1985. Ena amalowetsa koilo ina mkati mwa inzake, ena amaika tizotchinga mafunde pa koilo imodzi. Tizotchingato timadyako mphamvu, choncho omanga amakondera sodiyamu, poti mawu ake ndi ofooka kuwirikiza zikwi zambiri.

Phindu lake ndi lalikulu zedi! Selo yamoyo imapopera sodiyamu kunja: mkati mumatsala 10 mpaka 15 mM, kunja pafupifupi 140. Sitiroko ikagwa, kupopako kumaima ndipo sodiyamu amasefukira. Amakweranso m'zotupa za mu ubongo. Mutu wa wodwala osausuntha, mumapeza chithunzi cha maonekedwe a ubongo ndi china cha umoyo wa maselo, zogwirizana ndendende.

Koma chingwe, abale, chingwe! Zimene timaona ndi makoilo wamba n'zomvetsa chisoni. Mzere wa odwala ukatalika, munthu amanyamula koilo pogwira chingwe, kuikoka patebulo, kenaka chingwe chotsala n'kuchikulunga pachifuwa pa wodwala kuti chisalendewere. Chingwe chokulungidwa chimatola mafunde a makina, chimatentha, ndipo chimawotcha khungu. Wodwala sitiroko kapena wogonetsedwa ndi mankhwala sangakuuzeni kuti akupsa. Mudzaona chilonda mutamutulutsa kale. Pa koilo iyi ngozi ndi yoposa, chifukwa zotupa zolimba mukuziona pachingwezo ndi zotchinga mafunde a mitundu yonse iwiri. Chimodzi chikasweka mkati, kunja sichioneka. Chithunzi cha haidrojeni chingatuluke bwinobwino pamene cha sodiyamu chafa, inu n'kumanena kuti sodiyamu ndi wovuta. Yalani chingwe mowongoka, ikani thovu lotetezera pakati pa chingwe ndi khungu, nyamulani koilo ndi manja awiri. Zoti "timatero masiku onse, palibe anapsa" zisiyeni. Pulagi ikakana kulowa musaikakamize, ndipo chingwe chong'aluka sachimata ndi tepi.

M'mawa uliwonse yesani ndi botolo la madzi amchere, mulembe zotsatira. Pojambula musaiwale timachubu ta mchere wodziwika mlingo pambali pa mutu; timathandiza kuwerengera kuchuluka kwa sodiyamu.

Za mtengo, funsani ogulitsa. Makoilowa amachokera kunja, monga kwa RAPID Biomedical ku Germany, choncho mtengo umayenda ndi mphamvu ya randi. Makina a MRI afunikanso zida ndi mapulogalamu owonjezera, zomwe mwina zingapose mtengo wa koiloyo. Makina ofooka, ngati a 0.35 Tesla amene anaikidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, sangathe ntchitoyi. Wogulitsa akhale ndi chilolezo cha bungwe la SAHPRA, lomwe likulu lake lili konkuno ku Pretoria.

Mukaona chingwe chokulungidwa pa wodwala, imitsani makina muchiwongole, ngakhale amene wachikulunga akhale wamkulu wanu pantchito.