Mono Wogwirira Mkunga: Luso la Makolo Athu

Ambiri mwa ife timadziwa chambo, usipa, matemba ndi mlamba, koma ndi ochepa amene anaonapo mkunga ndi maso. Kwathu ku Chigwa cha Shire nsombayi imapezeka, ndipo akuluakulu amaigwira ndi mono woluka ndi zinthu zakutchire. Ine ndinaphunzira lusoli kwa agogo anga aamuna pa tchuthi, ndipo zina ndaonjezera kuchokera m'maphunziro a Bayoloje. Ndalemba nkhaniyi chifukwa anthu oluka mono akutha, ndipo m'malo mwake mwalowa njira zoononga nsomba.

Mkunga ndi nsomba yotani?

Mkunga ndi nsomba yaitali ngati njoka, yoterera thupi lonse, ndipo waukulu umapitirira mita imodzi. Anthu ena saudya poganiza kuti ndi njoka, koma ai ndithu, ndi nsomba: uli ndi zipsepse, umapuma m'madzi, ndipo uli ndi mamba ang'onoang'ono obisika m'khungu. Masana umabisala m'mauna, pansi pa miyala kapena m'mizu ya mitengo. Usiku ndi pamene umatuluka kukasaka tinsomba, nkhanu, achule ndi nyongolotsi. Posaka umadalira kwambiri fungo.

Chodabwitsa ndi ichi: mkunga suswana mumtsinje. Kale kwambiri katswiri wa ku Greece, Aristotle, ankaphunzitsa kuti mikunga imachokera m'matope, chifukwa sanapezepo mazira ake. Munali m'chaka cha 1922 pamene Johannes Schmidt wa ku Denmark anafalitsa zoti mikunga ya ku Ulaya imaswana kutali, mu Sargasso Sea, m'nyanja ya Atlantic. Mikunga yathu imaswana m'nyanja yamchere ya Indian Ocean, cha ku Madagascar. Tiana take timakhala taphanthiphanthi ngati tsamba, ndipo timatengedwa ndi madzi mpaka kugombe la Mozambique. Tikasanduka timikunga tooneka mbee ngati galasi, timalowa mu Zambezi, tina n'kukhotera mu Shire. Mumtsinjemo mkunga umatha kukhala zaka zoposa 10, kenaka umabwerera kunyanja yamchere kukaikira mazira kamodzi kokha, n'kufa.

Choncho mkunga umene wagwidwa ku Nsanje kapena ku Chikwawa ndi mlendo woyenda ulendo wautali, ndipo sunaberekepo ngakhale kamodzi. Mfundo imeneyi tiikumbukire.

Zipangizo zofunika

Mono sulira ndalama. Chofunika ndi nsungwi zokhwima, kapena bango lokhwima ngati nsungwi palibe. Pafunikanso nthambi zofewa zopindira mikombero, mlaza kapena luzi lomangira, mpeni wakuthwa ndi chikwanje. Nsungwi yanthete siyenera chifukwa ikauma imafota, mfundo n'kumasuka. Mlaza ndi luzi tiziviike m'madzi usiku wonse kuti zisathyoke pomanga.

Kalukidwe kake

Choyamba, ng'ambani nsungwi kuti mupeze timizere totalika mita imodzi ndi theka, tonenepa ngati chala chaching'ono. Tipaleni bwino ndi mpeni kuti tisalale.

Chachiwiri, pindani mikombero inayi kapena isanu. Wakukamwa ukhale waukulu, wotambasuka pafupifupi masentimita 30, ndipo inayo izinka icheperachepera mpaka kumchira. Mikomberoyi ndiyo mafupa a mono.

Chachitatu, yalani timizere tija mozungulira mikombero, n'kumamanga ndi mlaza. Tengani zingwe ziwiri, china chidutse pamwamba pa kamzere, china pansi, muzipotoze, kenaka mupite pa kamzere kotsatira. Chitani chimodzimodzi pa mkombero uliwonse komanso pakati pa mikombero. Apa ndi pamene mono wa mkunga umasiyana ndi wa makumba kapena mlamba. Mkunga ndi wamphamvu, ndipo ukapeza pofooka umalowetsa mchira n'kukanula mpaka kutuluka. Ndiye mfundo zikhale zothina, koma mipata pakati pa timizere ikhale yolowa chala chaching'ono kuti tiana ta nsomba tizituluka.

Chachinayi ndicho mtima wa ntchito yonse. Lukani kamono kena kakafupi kooneka ngati fanulo yothirira palafini. Kukamwa kwake kukhale kofanana ndi kukamwa kwa mono, koma kothera kukhale kabowo kolowa zala zitatu kapena zinayi. Nsonga za timizere take muzisongole ndi kuzisiya zosamanga. Kalowetseni m'kati, nsonga zitaloza kumchira, ndipo mukasokerere pa mkombero woyamba. Mkunga polowa umakankha nsongazo, izo n'kutseguka, ukangodutsa zimabwererana. Pofuna kutuluka umatsata m'mbali mwa mono, osapeza khomo, ndipo ukalipeza umakumana ndi nsonga zobaya. Agogo amaika timono totere tiwiri, kena kutsogolo kena pakati, kuti wothawa koyamba akodwe ndi kachiwiri.

Chomaliza, sonkhanitsani timizere kumchira n'kumanga mfundo yoti muzitha kumasula. Kumeneko ndiko kokhuthulira nsomba. Mono watsopano uyambe wagona m'madzi a matope masiku angapo, kuti ulemere, ude, ndiponso fungo la manja lichoke.

Kutchera ndi kuonjola

Nyambo yabwino ndi yafungo: matumbo a nkhuku, nsomba yoyamba kuola, nyongolotsi kapena nkhanu yophwanya. Gaga ndi nsima zimakopa nsomba zina, koma mkunga umafuna nyama. Nyamboyo imangidwe m'kati cha kumchira kuti isadyedwe ndi nsomba zili kunja.

Mono umatcheredwa madzulo, pansi penipeni pa madzi, pafupi ndi mizu, miyala kapena m'mphepete mwa bango. Kukamwa kuloze kumene madzi akupita. Chifukwa chake n'chakuti madzi amatenga fungo la nyambo kupita kumunsi, ndipo mkunga umalitsata chokwera mpaka kulowa. Khomani zikhomo ziwiri m'mbali, ikani mwala, ndipo phimbani ndi udzu pakuti mkunga umakonda mdima.

M'nyengo ya dzinja, madzi akasefukira, mikunga yaikulu imayamba ulendo wotsikira kunyanja yamchere. Asodzi ena amamanga mpanda wa bango pakhwawa, n'kusiya mipata yoikamo miono yoloza kumtunda. Njirayi imagwira zambiri, koma makolo odziwa sankatseka khwawa lonse. Amene watseka ponse wapha mbeu.

Kuonjola kumachitika m'mamawa, dzuwa lisanatuluke, katumbu asanang'ambe mono. Vuulani mono wonse, mupite nawo kumtunda, kutali ndi madzi, chifukwa mkunga umatha kukwawa pa udzu wonyowa. Ugwireni ndi chiguduli kapena mutapaka phulusa m'manja, ndipo samalani zala poti umaluma. Magazi ake aawisi ali ndi poizoni, choncho asalowe m'maso kapena pabala. Ukapsa bwino pamoto vutoli limatha. Nyama yake ndi yonona, ndipo yowamba imasungika.

Chenjezo kwa anzanga: musapite nokha kumtsinje. Mu Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh muli ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madzi odikha muli nkhono zofalitsa likodzo. Komanso mono wa mwini saonjola. Ngakhale palibe wokuona, kumeneko ndi kuphwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu.

Si ife tokha

Luso lotere lilinso kwa mitundu ina. Amaori a ku New Zealand amaluka miono ya mkunga yotchedwa hīnaki. Ku Australia, anthu a mtundu wa Gunditjmara anakonza ngalande zamiyala zogwirira mikunga zaka zoposa 6,000 zapitazo, ndipo mu 2019 bungwe la UNESCO linaika malowo, otchedwa Budj Bim, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Ngati anzathu akunyadira luso lao, ife tichitirenji manyazi ndi lathu?

Phunziro kwa ife

Masiku ano anthu ena amasodza ndi maneti a udzudzu, amene amakokolola ndi tiana tomwe, pamene kunyumba ana akudwala malungo. Ena amathira katupe kapena mankhwala ambeu m'madzi, kupha chilichonse, chonsecho lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Ukonde wa nayiloni ukatayika umapitiriza kukola nsomba kwa zaka, pamene mono ukatayika umaola n'kubwerera kudothi. Mono umagwira nsomba zamoyo, kotero msodzi akhoza kusankha za ndiwo, zotsalazo n'kuzibwezera m'madzi.

Mkunga uli kale pa mavuto. Damu la Cahora Bassa, limene linatseka Zambezi mu 1974, linaduka njira ya timikunga topita kumtunda kwa mtsinjewo. Mwayi wathu ndi wakuti Shire amathira mu Zambezi kumunsi kwa damulo. Tsono tikautha tokha, tidzaloza yani chala?

Mu 2015 Papa Francis analemba kalata yotchedwa Laudato Si', yotikumbutsa kuti kusamala chilengedwe ndi udindo wa mkhristu aliyense. Ife amene tikukonzekera unsembe, Mulungu akalola, tidzatumikira m'maparishi a asodzi, monga Petro ndi Andrea analinso asodzi. Zidzatithandiza kudziwa ntchito yao tisanayambe kuwalangiza. Ndipo inu makolo, chonde musatibisire luso lanu poganiza kuti mwana wa sukulu safuna za kumudzi. Mau a akulu akoma akagonera, koma nkhalamba ikapita ndi luso lake kumanda, palibenso wokamufunsa.

Mafunso okambirana

1. Chifukwa chiyani kukamwa kwa mono wanyambo kumaloza kumunsi kwa mtsinje?
2. Kodi kutseka khwawa lonse m'dzinja kungaononge bwanji mikunga ya m'tsogolo?
3. Ndi luso liti la kwanu limene likutha, ndipo pa tchuthi chikubwerachi mukalifunsa kwa yani?

Wophunzira wa Fomu 3