Agogo nawonso ndi ana a sukulu: phunziro lochokera mu mzinda wa Tete

Phunziro la ulendo uno likupita kwa inu agogo, ndiponso kwa inu ana ndi adzukulu amene mumasunga agogo pakhomo. Tiyambe ndi funso. Mukachoka kuchipatala mutanyamula timapaketi titatu ta mapiritsi, onse oyera, onse ang'onoang'ono, amakuwerengerani ndani zimene zalembedwapo? Ambiri muyankha kuti mdzukulu. Nanga tsiku limene mdzukuluyo wapita kusukulu, kapena wakwatiwa kutali? Nanga matendawo akakhala oti simufuna kuti mwana wa zaka 12 awadziwe?

Mu mzinda wa Tete, kumene ambiri a inu mumatumizidwa matenda akakula, muli makalasi a anthu akuluakulu. Boma la Mozambique limawatcha Alfabetização e Educação de Adultos, mwachidule AEA. Ku Malawi timati sukulu za kwacha. Makalasiwa amalandira aliyense kuyambira zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo palibe msinkhu umene amati apa mwakalamba, bwererani. Amakumana m'zipinda za sukulu, m'matchalitchi, ngakhale pansi pa mtengo, ndipo ambiri mwa ophunzira ndi amayi. Amaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu, komanso nkhani za moyo wa tsiku ndi tsiku monga ukhondo ndi kupewa matenda. Chaka chilichonse pa 8 Seputembala, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga pa dziko lonse, ophunzira otere amakumbukiridwa ndi kuyamikiridwa.

Kusadziwa kuwerenga si mlandu wanu

Choyamba tichotse manyazi. Pamene Mozambique inkalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Mu nthawi ya Apwitikizi maphunziro a mwana wakuda anasiyidwa m'manja mwa mamishoni, monga Boroma pafupi ndi Tete ndi Lifidzi ku Angonia, ndipo ndi ana ochepa amene ankafikako. Mu 1978 boma latsopano linayamba ntchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu m'dziko lonse, koma nkhondo inali itayamba kale. Sukulu zambiri zinatenthedwa kapena kutsekedwa, aphunzitsi anathawa, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anawolokera ku Malawi. Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992. Mtsikana amene anabadwa mu 1965 ku Tsangano, pofika chaka chimenecho anali mayi wa ana, khasu lili m'manja. Sukulu akanaipeza kuti?

Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu 39 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo anali asanadziwebe kuwerenga, ndipo pakati pa amayi anali pafupifupi theka. Choncho mukadinda ndi chala pa pepala lolandirira thandizo la okalamba la ku INAS, dziwani kuti muli ambiri. Koma kukhala ambiri sikuchiza munthu amene wamwa mankhwala molakwika.

Mawu ochepa amene ayenera kuyamba

Ena mumati, "Ine ndiphunzire Chipwitikizi mano atatha kale m'kamwa?" Ayi, sitikunena zoti mukalembe mayeso. Vuto lathu la kuno kumalire ndi lodziwika. Kunyumba timayankhula Chichewa, mu mzinda wa Tete anthu ambiri amayankhula Chinyungwe, pamene mapepala a kuchipatala amalembedwa m'Chipwitikizi. Mukapita mbali ya Mwanza, Ntcheu kapena Dedza, buku la kuchipatala lili m'Chingerezi. Munthu mmodzi, zinenero zinayi! Komabe mawu amene amabwerabwera pa mankhwala ndi owerengeka, ndipo agogo angathe kuwagwira m'miyezi yochepa.

Manhã ndi m'mawa, tarde ndi masana, noite ndi usiku. Comprimido ndi piritsi. Antes ndiye kuti musanadye, depois ndiye kuti mutadya, mawuwa akatsatana ndi refeições, kutanthauza chakudya. Consulta ndi tsiku lokaonana ndi adokotala. Validade, kapena EXP pa mankhwala olembedwa m'Chingerezi, ndi nthawi imene mankhwala amathera mphamvu: akalemba 08/2027, nambala yoyamba ndi mwezi wa Ogasiti, yachiwiri ndi chaka.

Palinso kawerengedwe ka nthawi. Ku Mozambique 2 koloko masana amati 14 horas, 10 koloko usiku amati 22 horas. Akakulemberani 8/8h sakunena 8 koloko ayi. Akunena kuti muzimwa pakapita maola 8 alionse, monga 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku. Akalemba 12/12h ndiye kuti kawiri pa tsiku. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ngakhale amene anafika Sitandade 5. Timapaketi tina timakhala ndi zithunzi za dzuwa ndi mwezi, ndipo zimathandiza, koma chithunzi sichinena kuti mumwa kwa masiku angati, sichinenanso dzina la mankhwala.

Kodi kusiyana kwa antes ndi depois n'kwakukulu motani? Funsani odwala matenda a shuga. Mapiritsi ena a shuga, monga glibenclamide, munthu akamwa kenaka osadya, shuga amatsika kwambiri: thupi limanjenjemera, thukuta limatuluka, mutu umazungulira, ndipo munthu atha kukomoka. Zikatero, ngati akutha kumeza, m'patseni madzi a shuga msanga ndipo mupite naye kuchipatala. Pamene metformin amafuna kumwera pa chakudya kuti asavute m'mimba. Mankhwala a malungo aja timati LA, ku Mozambique ambiri amati Coartem, munthu wamkulu amamwa mapiritsi anayi nthawi imodzi, kawiri pa tsiku, kwa masiku atatu. Kusiyira panjira chifukwa thupi lazizira ndi kuitana malungo kuti abwerenso.

Manambala awiri a pa mkono

Tikhalitse pang'ono pa kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timangoti BP, chifukwa ndiko kukutha akuluakulu mwakachetechete. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa 2005 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vutoli, ndipo mwa iwo amene ankadziwa kuti ali nalo anali ngati 15 okha pa 100. Atabwereza kafukufukuyu patapita zaka 10, chiwerengero cha odwala chinali chitakwera kufika pafupifupi 39 pa 100. Munthu akamakula, mpata wodwala matendawa umakulanso.

Anamwino akakumangani lamba pa mkono amalemba manambala awiri, ina pamwamba ina pansi, monga 130/80. Ya pamwamba ikafika 140 kapena kupitirira, kapenanso ya pansi ikafika 90 kapena kupitirira, ndipo zikapezeka choncho pa masiku osiyana, ndiye kuti magazi akuthamanga mopitirira muyeso. Agogo amene aphunzira manambala kuchokera pa 1 mpaka 200 atha kutsegula khadi lawo, n'kuona okha kuti mwezi watha inali 170, mwezi uno yatsika kufika 145. Munthu wotere savuta kumwa mankhwala, chifukwa akuona ndi maso ake kuti akugwira ntchito. Amene saona manambala amadalira mmene akumvera m'thupi, ndipo BP simveka. Mutu ukasiya kupweteka amati ndachira, n'kuika mapiritsi kudenga. Mapeto ake ndi sitiroko: kukamwa kupotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka, mawu kusamveka. Mukaona chimodzi mwa zizindikiro zimenezi, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala.

Mankhwala a BP ndi a tsiku lililonse, ngakhale mukumva bwino. Ena, monga hydrochlorothiazide, amakodzetsa, n'chifukwa chake amati muzimwa m'mawa. Mukapita ku Tete m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, nyamulani madzi akumwa okwanira. Mchere nawo chepetsani: bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo mchere wa mu usipa ndi nsomba zouma.

Zimene Tete inaphunzitsa mayiko ena

Mwina simudziwa kuti chigawo cha Tete chinatchuka ndi nzeru ina ya zaumoyo. Mu 2008, a zaumoyo a m'chigawochi pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anayambitsa magulu a anthu omwa ma ARV, amene pambuyo pake anadziwika kuti GAAC. Anthu osapitirira 6 a dera limodzi ankagwirizana kuti mwezi uliwonse mmodzi yekha azipita kuchipatala kukatengera onse mankhwala, mosinthana. Asanapite, gulu linkakumana, kuwerenga mapiritsi otsala a munthu aliyense ndi kulemba pa khadi. Njirayi inayenda bwino, boma linaifalitsa m'dziko lonse, ndipo mayiko ena kuphatikizapo Malawi anaitengera.

Taonani chimene chinkafunika pa gulu lotere: munthu wodziwa kuwerenga mapiritsi, kulemba nambala ndi kuzindikira dzina la mnzake pa paketi. Si digiri ayi. Ambiri amene anayamba ma ARV m'zaka zimenezo lero ndi agogo, ndipo ena awonjezera mankhwala a BP kapena a shuga pamwamba pake. Mapaketi akachuluka, kudalira mtundu wa piritsi n'koopsa, pakuti chipatala chikasintha kampani yogulako, mtundu ndi kukula kwa piritsi zimasinthanso.

"Maso anga anatha, mutu wanga unauma"

Awa ndi madandaulo awiri amene timamva kawirikawiri. Tiyambe ndi maso. Pafupifupi munthu aliyense akapitirira zaka 40 amayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi, monga kulowetsa ulusi mu singano kapena kusankha timiyala mu mpunga. Si matenda oopsa, magalasi owerengera amathetsa vutoli. Koma ngati mukuona ngati utsi kapena nkhungu ngakhale patali, mwina ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi. Yambirani pa chipatala cha kwanu kuti akupimeni ndi kukupatsani kalata yopita ku chipatala chachikulu. Musadonthezere madzi a zitsamba m'maso. Wodwala shuga azipimitsa maso ngakhale akuona bwino. Makutu nawo apimidwe: nthawi zina ndi phula chabe limene latseka.

Za mutu, n'zoona kuti wamkulu amagwira zinthu pang'onopang'ono kusiyana ndi mwana. Koma amagwira. Agogo amene amasunga pamtima mayina a adzukulu 20, ngongole za kumsika ndiponso kusintha kwacha kukhala metikali popanda pepala, mutu wawo sunaume. Akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet analemba mu 2020, n'kubwerezanso mu 2024, zinthu zimene zimakulitsa mpata wodwala matenda oiwalaiwala a ukalamba. Pa mndandanda wawo pali kusaphunzira, BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kusamva bwino ndi kukhala wekhawekha, ndipo mu 2024 anawonjezerapo vuto la maso losathandizidwa. Sitikunena kuti kalasi ndi katemera. Koma tsiku la kalasi agogo amasamba, amayenda, amaseka ndi anzawo, amagwiritsa ntchito mutu, ndipo zonsezi ndi zabwino ku thupi.

Tinenepo apa mawu amodzi owawa. Agogo akayamba kusochera m'mudzi mwawo momwe, kutuluka usiku kapena kuyankhula zosamveka, amenewo ndi matenda a ubongo. Si ufiti. Ku Mozambique lamulo nambala 3 la 2014 limateteza ufulu wa anthu okalamba, kuyambira zaka 60. Atengereni kuchipatala, osati kubwalo.

Mungayambe bwanji kwanuko?

Simufunika kuwoloka mlatho wa Samora Machel kuti mupeze kalasi. Ngati muli mbali ya Zóbuè, Ulónguè kapena Calómuè, funsani mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulaimale yapafupi za makalasi a AEA, makamaka kumayambiriro kwa chaka pamene amalemba mayina. Mbali ya Malawi funsani amfumu kapena alangizi a chitukuko cha m'madera za sukulu ya kwacha. Kalasi ikakhala kutali, gulu lanu lomvera wailesi litha kupatula theka la ola mukatha kumvera pologalamu. Pezani mthunzi, khalani nthawi yoti dzuwa lapepa koma kukuwalabe, ndipo wolemba alembe zilembo zikuluzikulu ndi makala pa katoni. Osamva bwino akhale kutsogolo.

Inu achinyamata amene mudzaphunzitse, kumbukirani kuti amenewa ndi makolo anu. Osawaseka, osawaimiritsa ngati ana a Sitandade 1, osawakalipira akaiwala za dzulo. Agogo akachita manyazi kamodzi sabweranso. Ndipo inu abambo achikulire, amene mumati simungakhale pa mphasa imodzi ndi akazi anu n'kumalephera pamaso pawo, panganani anzanu atatu kapena anayi muyambe panokha.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Aliyense abwere kugulu ndi paketi yopanda kanthu ya mankhwala amene amamwa, ngati ali womasuka kuionetsa. Amene safuna kuti ena adziwe matenda ake asakakamizidwe, atha kuphunzirira pa paketi ya Panado. Pezani chilembo choyamba cha dzina la mankhwalawo, muchilembe pansi ndi chala katatu. Kenaka pezani mwezi ndi chaka chimene mankhwalawo athere mphamvu. Amene muli ndi khadi la BP, funani nambala ya pamwamba ya ulendo wathawu, ndipo ulendo wotsatira mukawapemphe anamwino kuti akulembereni manambala akuluakulu oti muziwaona.